Ulimba wa Sebastiano wa pa Nyatsekwe

Sebastiano anafika pa chilumba cha Nyatsekwe ndevu zikungoyamba kumera, chaka chimene azungu ankayala njanji kuchokera padoko la Nsanje kupita ku Chiromo. Kwawo kunali kutsidya, m'dziko la Apwitikizi, kufupi ndi Sena, kumene asipai, asilikali a Apwitikizi, ankagwira amuna n'kuwamanga chingwe m'chiuno kuti akalime nzimbe za kampani. Bambo ake anafera m'minda imeneyo. Iye atamva kuti nayenso akumufuna, anathawa osatsanzika ngakhale alongo ake. Sanatenge khasu kapena mbewu. Anangosenza mtolo wokulunga mumphasa, moti amene anamuwolotsa pabwato ankayesa kuti ndi nkhuni. Mumtolomo munali matabwa a ulimba wa bambo ake.

Nyatsekwe chinali chilumba cha dothi lakuda pakati pa bango la dambo la Ndindi. Panali mabanja ochepa, ena Amang'anja, ena Asena othawa ngati iyeyo, ndipo aliyense ankayankhula zinenero zonse ziwiri mosakaniza. Amene anamulandira anali Geresomo, msodzi wa Chimang'anja, munthu wosakonda zoyankhula. Anamupatsa pogona pakhonde, namulozera pamene angalime dimba. Tsiku limene Sebastiano anamasula mtolo uja, Geresomo anangokhala kuonerera mnzakeyo akundandalika matabwa pa chimango, akumangirira chikho kunsi kwa thabwa lililonse, akumata kabowo ka chikhocho ndi kansalu koyera ka kangaude kuti mawu azinjenjemera. Atamaliza, Sebastiano anamupatsa timitengo tiwiri ta mitu ya mpira.

“Ulimba saomba munthu mmodzi, shamwali. Khalani uko kwa mawu aakulu.”

“Ine manja anga ndi a ukonde,” anatero Geresomo.

“Aphunzira.”

Anaphunziradi. Pasanapite zaka zambiri, kunalibe maliro a munthu wamkulu m'dambo lonselo, mpaka ku Tengani, amene ankachitika popanda kutumiza bwato kudzatenga Sebastiano ndi Geresomo. Sebastiano anakwatira Luisa, woumba mbiya, mwana wa banja lina lothawa. Ana awo awiri oyamba anamwalira asanayambe kuyenda. Wachitatu, Dorika, ndiye anakula.

Masiku amenewo alendo ochokera kunyanja yamchere ankakwera Shire pa sitima zapamadzi. Nyengo yadzuwa madzi akaphwera, sitimazo zinkatitimira mumchenga pafupi ndi Nyatsekwe, n'kukhala pamenepo mpaka amalinyero atazikoka ndi zingwe. Azungu olemera sankadandaula. Ankatenga mfuti ndi anthu onyamula katundu n'kupita kukapha njati ndi njovu. Koma panalinso ena a m'thumba mopepuka, anyamata obwera kudzagwira ntchito m'masitolo a ku Blantyre, madona opita ku mishoni, amene ankangokhala pasitimapo kudzimenya udzudzu.

Amene anaona kuti pamenepa pali chakudya anali Tomasi, wa ku Chiromo. Kale anali wophika pa sitima, anamuchotsa chifukwa cha mowa, koma anatsala ndi jekete loyera ndi Chingerezi cha m'khitchini. Tsiku lina anatulukira kwa Sebastiano akupukuta thukuta.

“A Sebastiano, ndili ndi azungu padoko apo. Alibe ya mfuti, koma akufuna kuona zachilendo. Muwaombere pang'ono, mulandira mchere.”

“Kwagwa maliro kodi?”

“Maliro a chiyani? Angofuna kumva basi.”

Mchere unali wosowa, ndipo Luisa anali atangochira kumene pa uchembere wa Dorika. Sebastiano anaitana Geresomo, naomba nyimbo za ukwati ndi za pamowa. Alendowo anasangalala kwambiri. Anasiya mchere, zitini zopanda kanthu ndi singano. Luisa anagulitsa timiphika take tonse tsiku lomwelo.

Kuyambira pamenepo, sitima ikangotitimira, Tomasi ankabwera. Ankawalonjeza alendo ake kuti ndi kandalama kochepa kwambiri aona mudzi umene mzungu sanapondemo. Ndiye ankatsogola yekha kudzakonza mudziwo. Zitini zija ankati zibisidwe. Sebastiano ankavula malaya ake ndi korona yopempherera imene anabatizidwa nayo ku Sena, n'kumanga chikopa cha mbuzi m'chiuno, chimene ngakhale agogo ake sanavalepo. Luisa ankauzidwa kuti akhale pabwalo aziumba mbiya yomwe yaumbidwa kale. Alendowo ankasuzumira m'nyumba osaodira, kugwiragwira mitondo ndi mono, kununkhiza m'mitsuko. Wina anatsegula Dorika pakamwa kuti aone mano.

“Bambo a Dorika,” anatero Luisa tsiku lina alendo atachoka, “ine zondiyang'ana ngati nyani wapachingwe zanditopetsa.”

“Ndi miyezi iwiri yokha pachaka, mayi. Madzi akadzaza atisiya.”

Luisa anadzuka. Anapita kukafukula zitini zake kuseri kwa nkhokwe.

Chaka china, Tomasi anabwera Lachinayi kudzanena kuti Loweruka abweretsa gulu lalikulu, ndipo anasiyiratu mchere ndi mkwamba wa nsalu. Sebastiano analandira. Mawa lake mkazi wa Geresomo anamwalira pobereka, pamodzi ndi mwana yemwe. Sebastiano anathamangira kusiwa, ananyamula ulimba, anathandiza kudula bango lokulungira mtembo. Za Tomasi anazikumbukira ndithu. Anaganiza zotumiza munthu ku sitima, koma mabwato onse anali atapita kukanena uthenga wa maliro kwa abale. Anadziuza kuti Tomasi akamva kulira ali padoko abwerera yekha, pakuti nayenso ndi munthu wobadwa kwa mkazi.

Loweruka m'mawa, dzuwa litakwera, mtembo uli pafupi kutuluka m'nyumba, Sebastiano anali kuomba nyimbo yoperekeza. Mbali ya mawu aakulu kunakhala mlamu wake wa Geresomo, chifukwa mwini wakeyo anali pamphasa, mutu uli pakati pa mawondo. Sebastiano atadzutsa maso, anaona jekete loyera likutuluka m'bango, kumbuyo kwake zipewa ndi maambulera.

Manja ake sanaime. Nyimbo yoperekeza saidukiza pakati, ndipo iye anapitiriza, maso ali pa matabwa, thukuta likugwera pa ulimba. Alendowo anafika mpaka pakati pa bwalo. Mmodzi anaimika bokosi lojambulira la miyendo itatu, nalowetsa mutu m'nsalu yakuda, kenaka anatulutsa dzanja kukodola amayi olira kuti asendere kumene kuli dzuwa. Amayi ena, posadziwa chochita, anasenderadi. Dona wina anawerama pakhomo la siwa kuti aone mkati. Nyimbo itatha, alendo onse anaomba m'manja, ndipo mnyamata wina wa iwo anaponya maswiti pamphasa pamene panakhala Geresomo.

Geresomo anadzutsa mutu. Sanayang'ane azunguwo, sanayang'anenso Tomasi. Anayang'ana Sebastiano.

“Munadziwa kuti abwera?”

Sebastiano anaika timitengo toombera pansi.

“Ndikufunsa inu, a Sebastiano. Munadziwa?”

“Ndinadziwa.”

Geresomo anatola maswiti aja limodzilimodzi, nakawaika pamwamba pa ulimba. Kenaka anauza anyamata kuti anyamule mtembo. Anapita kumanda opanda choimbira.

Madzulo ake Sebastiano anatenga mchere ndi nsalu ija, napalasa mpaka ku sitima, naziponya pamapazi a Tomasi. Tomasi anatola nsaluyo n'kuikutumula.

“Inu mukuyesa ine ndikudya bwino? Ndikanawabweza akanandilanda zonse, mwinanso kundikwapula. Ndipo akuti sanaonepo zokoma ngati zalero.”

Kuyambira tsiku limenelo palibe bwato limene linabweranso kudzatenga Sebastiano. Anthu ankati ulimba wake ndi wa azungu, ukalira pamaliro mizimu imatembenuka. Ankakaitana woomba wina wa ku Tengani, wa matabwa osagwirizana mawu, ndipo Sebastiano ankamva kulira kwake kukuwoloka madzi iye ali m'dimba. Geresomo akakumana naye panjira ankapatuka mwaulemu, ngati mmene munthu amapatukira apongozi. Alendo nawo anatha okha. Njanji itafika ku Zambezi sitima zapamadzi zinasiya kukwera, ndipo azungu ankangodutsa pawindo la sitima yapamtunda. Sebastiano anapachika ulimba kudenga. Mwezi uliwonse ankautsitsa, kuupukuta mwaye, kusintha tinsalu ta kangaude timene mphemvu zadya, n'kuubwezera osaombako.

Nkhondo ya azungu itatha kunabwera fuluwenza. Inalowa pa Nyatsekwe ndi amuna obwerera ku mtengatenga, ntchito yosenza katundu wa kunkhondo, ndipo inatenga Luisa pasanathe sabata. Anthu ankafa motsatizana moti panalibe za nyimbo. Geresomo anabwera ndi khasu, anakumba manda pamodzi ndi ena, anasamba m'manja n'kubwerera kwawo osanena kanthu. Sebastiano anatsala ndi Dorika, amene anali atayamba kusinkhuka, wamtali ngati amayi ake, wosachedwa kuseka.

Mu 1922 mvula inakana. Mapira anauma asanatulutse ngala, mchewere nawo unapserera, ngakhale madimba a pachilumba anang'ambika ming'alu yolowa phazi. Anthu a kumtunda anatsikira kudambo kudzafuna nyika, timizu takuda ta maluwa a m'madzi, towawa, timene munthu amatidya pofuna kungoona mawa. Nyika za m'madzi osaya zinatha msanga. Zotsala zinali m'mathawale akuya, kumene munthu amamira mutu wonse n'kumafufuza m'matope ndi zala, ndipo kumeneko n'kumene ng'ona zonse za m'dambo zinasonkhana madzi ataphwa. Sebastiano chifuwa chinali chitayamba kale kumuvuta, sankatha kukhalitsa pansi pa madzi. Amene ankamira anali Dorika.

M'nyengo imeneyo Tomasi anatulukiranso, atakalamba, jekete lija litasanduka lofiirira. Anali ndi mzungu mmodzi yekha, wamtali, woonda, woyankhula Chinyanja cha m'buku. Mzunguyo anaodira pakhomo, anavula chipewa, nakhala pamphasa. M'bwato lake munali kale ng'oma, makasu akale osula pamanja, mipando ya mafumu ndi mikanda, zimene anthu anjala anamupatsa posinthana ndi chakudya. Anapempha kuona ulimba. Sebastiano atautsitsa, mzunguyo anauyang'ana nthawi yaitali, akusisita matabwa amene anali atakumbika pakati chifukwa cha kuombedwa zaka zambiri.

“Kwathu nakonso ndi pachilumba, bambo,” anatero. “Kuli nyumba yaikulu yosungiramo zinthu za mitundu yonse ya anthu. Aliyense amalowa kukaona, ngakhale mmphawi, salipira kanthu. Ana a sukulu amabwera. Ulimba uwu kuno udyedwa ndi chiswe. Kumeneko udzakhala mpaka kalekale.”

“Adzaomba ndani?” anafunsa Sebastiano.

“Palibe. Udzakhala m'kabati yagalasi. Saloledwa kugwira.”

“Nanga anthuwo adzadziwa bwanji kulira kwake?”

Mzunguyo anaganiza pang'ono, nayankha moona. “Sadzadziwa.”

Anati apereka matumba awiri a mapira ndi bulangeti. Tomasi anamutsina Sebastiano pamkono. Dorika anali chiimire pakhomo, milomo yake itachita mamba ndi njala.

“Matabwa awa anasema ndi agogo anga,” anatero Sebastiano. “Pepani, bwana. Zikomo, koma ayi.”

Mzunguyo sanakakamize. Anati akhala ku Nsanje mpaka mwezi utatha, napita.

Sipanapite masiku ambiri. M'mawa wina Dorika anapita ku thawale ndi amayi ena, Sebastiano ali kunyumba kusenda nyika za dzulo lake. Anamva mfuu, kenaka mayi wina akuthamanga akuitana dzina lake. Pamene ankafika padoko anapeza bwato la Geresomo likukocheza, mkati muli magazi okhaokha. Ng'ona inali itamugwira Dorika mwendo wamanzere akuvuuka. Geresomo, amene ankavuula mono chapafupi, anafika ndi bwato n'kuibaya m'diso ndi nkhafi yothyoka mpaka inasiya. Mtsikanayo anali maso, akunjenjemera, mnofu wa katumba ukulendewera.

“Ababa, dengu langa latsala komweko,” anatero.

“Lisiye, mwanangu.”

“Linali litatsala pang'ono kudzaza.”

Geresomo anang'amba nsalu yake n'kumanga mwendowo pamwamba pa bondo. “Kwerani, a Sebastiano,” anatero. “Tengani nkhafi inayo. Tikachedwa tikataya mwana.” Amenewa anali mawu oyamba amene anamuyankhula chichitikireni maliro aja.

Anapalasa awiriwo mpaka kumtunda, namunyamula pamachira kukafika kwa asisitere a ku mishoni. Asisitere anasoka balalo, koma anati mankhwala okha sangathandize munthu wopanda magazi ndi chakudya m'mimba, ndipo iwo phala limene anali nalo linali la ana amasiye. Sebastiano anasiya Geresomo pambali pa mwanayo, nayenda wapansi kupita ku Nsanje.

Mzungu uja anamupeza akulongedza mabokosi. Anamva nkhani ya Dorika ndi chisoni chenicheni, koma anati mapira ake anali atatha kugulira zinthu zina. Latsala thumba limodzi, losadzaza. Bulangeti nalo linapita. Sebastiano anavomera mzunguyo asanamalize n'kuyankhula komwe.

Ulimba anakautenga kuchilumba, anaumasula yekha, sanalole antchito a mzunguyo kuukhudza. Thabwa lililonse analikulunga m'thonje, zikho anaziika m'madengu a udzu, ndipo anamusonyeza Tomasi mobwerezabwereza kuti thabwa ili limatsatana ndi ili, chikho ichi ndi cha thabwa ili, kuti akafotokoze bwino. Tomasi ankangogwedeza mutu, maso ali kwina. Mzunguyo anamangirira kapepala pa chimango, nafunsa dzina la chilumba ndi mtundu wa anthu ake. Dzina la mwini wake sanafunse, ndipo Sebastiano sanaganize zolitchula. Timitengo toombera anaiwala kupereka. Anatipeza m'thumba la malaya ali kale panjira, ndipo anabwerera kukatipereka, poopa kuti anganene kuti waba.

Mapirawo anawagawa pawiri, theka anapatsa Geresomo, amene anali ndi ana a mchemwali wake pakhomo. Geresomo anakana kawiri, kachitatu analandira. Dorika anachira. Mwendo unauma, unafupika, moti ankayenda ndi ndodo moyo wake wonse, koma anachira. Mvula inabwera kumapeto kwa chaka, yambiri mopitirira, ndipo anthu amene anatsala anadzala mbewu zopempha.

Zinthu zitayamba kubwerera m'malo, Geresomo ndiye anayambitsa nkhani. Anabwera madzulo ena ndi nsomba ziwiri, nakhala pakhonde.

“Semani wina, shamwali. Manja anga sanaiwale.”

Anapita limodzi kumapiri a kumadzulo kukafuna mlombwa. Anapeza zitsa zokhazokha. Mitengo yapafupi inathera ku nkhuni za sitima ndi mitengo yoyala pansi pa njanji, ndipo kumene inatsala boma linali litaikako malire, mlonda wa yunifomu anawabweza. Anatola mitengo ina yofewa ya m'mphepete mwa dambo. Sebastiano anasema nyengo yonse yachisanu, akuika thabwa kukhutu, akugogoda, akupalanso. Tsiku loyesa, anthu a pachilumba anabwera okha osaitanidwa. Awiriwo anakhala moyang'anana naomba. Manja ankadziwa njira, koma matabwa ankangoti phu, phu, ngati munthu akugogoda chitseko chonyowa. Sanafike n'kumapeto kwa nyimbo. Anthu anabalalika mwakachetechete, ndipo Dorika anasonkhera matabwawo pophika mbatata mpaka anatha.

Sebastiano sanayesenso. Dimba linamukanika chifukwa cha chifuwa, ndiye anakalowa ntchito ku Nsanje, m'nyumba ya makina ochotsa njere m'thonje, kumene ankakankhira thonje kukamwa kwa makina kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Fumbi la thonje linamumaliza. Anzake a pantchito ankamudziwa ngati mkulu wa Chisena wotsokomola, wosamva bwino khutu limodzi, amene pa nthawi yopuma ankakhala payekha. Palibe mmodzi mwa iwo amene anadziwa kuti kale anthu ankapalasa tsiku lathunthu kudzamutenga.

Anamwalira m'nyengo yogula thonje ya 1927, m'kanyumba ka kampani. Kapitawo anatumiza uthenga ku Nyatsekwe, koma madzi anali ochepa, mabwato ankachita kukokedwa m'matope, ndipo pamene Dorika ndi Geresomo ankafika anapeza atamuika kale kumanda a antchito, kuseri kwa njanji. Anawalozera mulu wa dothi pakati pa milu ina, wolozayo akukayika ngati ndi womwewo. Anawapatsa mphasa yake, chikho chomwera madzi ndi malaya awiri.

Dorika sanabwererenso kukakhala pachilumba. Anapita ku Tengani kwa achibale a amayi ake, kumene anakwatiwa mitala ndi mlimi wa thonje, munthu wachikulire koma wosamenya. Anabereka ana anayi, awiri anakula. Ankaumba mbiya atakhala pansi, mwendo wouma uja atautambasula kumbali, ndipo tsiku la msika ana ake ndiwo ankamusenzera.